Membala wa Pakhonde

Komiti yogawa ndalama za thumba lothandiza amayi inkakumana m'chipinda cha pamwamba, kumapeto kwa khonde lalitali lonunkha polishi. Mphunzitsi anali membala wa komitiyo, koma khondelo ankalidziwa bwino kuposa chipindacho. Ankadziwa benchi limene limagwedera ukakhala kumapeto, zenera limene silitseguka ngakhale ulimenye chibakera, ndi banga la madzi pasiling'i limene linkakula chaka ndi chaka ngati nalonso likulandira thandizo. Alonda a pageti, bambo a dazi okonda nthabwala, anamupatsa dzina loti Membala wa Pakhonde. Iye ankaseka nawo, poti munthu sungalire pamaso pa alonda.

Kwawo kwa Mphunzitsi kunali kutsidya kwa njanji. Makolo awo anabwera kalekale kuchokera dziko lina kudzamanga njanjiyo, ndipo ntchito itatha, sitima inayamba kupita ndi kubwera koma iwo anatsala. Kunyumba ankalankhula chinenero chawo, pamsika ankalankhula cha anthu onse, ndipo tawuni yonse inkangowatchula kuti akutsidya, ngati kuti ndi munthu mmodzi. Eni ake ndalama, amene ankakhala kunja, anadandaula kuti thandizo lawo silikuwoloka njanji. Ndiye panabwera mfundo yoti mu komiti mukhale mayi mmodzi wa kutsidya. Anasankha Mphunzitsi chifukwa anali wopita kusukulu, wofatsa, wosayankha akulu. Tsiku loyamba anamujambula zithunzi zambiri, atamukhazika pakati, Wapampando atamugwira phewa. Popeza mipando ya khushoni inali ndi eni ake kale, anamubweretsera wapulasitiki woyera, n'kumuuza kuti ndi wongoyembekezera. Wakhushoniwo sunabwere.

Komitiyo inali ndi lamulo limodzi limene Wapampando ankalinyadira, ndipo kunena zoona linali lamulo labwino: membala amene ali ndi m'bale wake m'gulu lopempha thandizo atuluke, asamve, asavote. Vuto linali lakuti kutsidya anthu ndi ochepa, ndipo kwa zaka zambiri atawuni sankafuna kukwatirana nawo. Iwo anangokwatirana okhaokha mpaka mabanja analukana ngati ulusi wa juzi: ukakoka umodzi, mkono wonse wa juziyo umabwera. Gulu lililonse la kutsidya linali ndi msuweni wa Mphunzitsi, kapena mlamu, kapena apongozi a mchemwali wake. Choncho gulu la kutsidya likangoitanidwa, Wapampando ankatsitsa magalasi n'kunena mokoma mtima kuti, "Aphunzitsi, mutipatseko kaye mpata." Iye ankadzuka n'kukakhala pabenchi. Ali pamenepo ankaona amayi a kwawo akulowa mapewa atafinyika, n'kutuluka akuyang'ana pansi. Ena ankamupatsa moni ndi maso okha. Ena ankamudutsa ngati chipilala.

Magulu a m'tawuni akabwera, iye ankakhala mkati n'kukweza dzanja limodzi ndi anzake. Ankaona a Loya akuseka ndi mayi wopempha thandizo za ana awo amene amaphunzira kalasi imodzi. Ankaona Abusa akufunsa wina ngati mwendo wa amuna ake wachira. Koma kuphunzira limodzi si magazi, kupemphera limodzi si magazi, ndipo lamulo lija linkanunkhiza magazi okha.

Tsiku limene nkhaniyi inachitika, gulu la kutsidya loyembekezeka linali la amayi ochapa zovala. Mtsogoleri wawo anali azakhali ake enieni, mlongo wa bambo ake, amene anamulera mayi ake atamwalira.

Popita kumsonkhano, Mphunzitsi anadzera pamalo awo, bwalo la simenti yong'ambika kuseri kwa nyumba yakale yosungiramo katundu wa sitima. Dzuwa linali lisanatenthe koma mashiti a pabedi anali atadzaza kale zingwe, oyera mbee. Amayi ena anali atawerama pamabafa, thovu mpaka m'zigongono. Ena ankafinya shiti awiriawiri, uyu kupotokola uku, uyu uko, madzi n'kumayenderera m'mapazi. Ankachapira nyumba zogona alendo ndi kachipatala kena ka m'tawuni. Dzuwa likamawala ntchito inkayenda. Mvula ikayamba, mashiti ankagona m'nyumba zawo, pamipando, pazitseko, pamwamba pa ana, n'kubwerera kwa eni ake akununkha chinyezi ndi utsi. Chaka chino eni nyumba zogona alendo anali atanena poyera kuti shiti ikangobweranso yonyowa, ntchito yonse ipita kwa amakina a m'tawuni. Amayiwo ankapempha denga loyanikira pansi pake, ndi thanki ya madzi. Anali atapempha kawiri, n'kukanidwa kawiri, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana madzulo.

Azakhali anali pambali, akusita diresi lawo la maukwati ndi simbi ya makala.

"Wadzera kuno kudzatani? Anthu akakuona anena kuti tikunong'onezana."

"Ndangodutsa, azakhali."

"Kudutsa kwake n'kuima? Tamvera. Tikalowa, iwe ukatuluke bwinobwino monga umachitira. Usakatiyang'ane n'komwe. Munthu wopempha sakweza mapewa."

Mayi wina wamfupi wonenepa, amene onse ankamutchula kuti Make Mapasa, anaweramuka pabafa. "Musiyeni mwana, inu. Bwana wathu ameneyu. Bwana, mukakhala pabenchi paja mutisungireko malo, miyendo yathu ndi yakale."

Onse anaseka. Mphunzitsi anaseka nawo. Anayang'ana manja a azakhali ogwira simbi, zala zong'ambikang'ambika ndi sopo, zikhadabo zofewa ngati pepala. Ulendo wapitawo, atakanidwa, iye anayenda kumbuyo kwawo msewu wonse mpaka kuwoloka njanji, ndipo azakhali sanamufunse kanthu. Atafika kunyumba anangovula diresi lomweli, kulipinda, n'kubwerera pabafa.

M'chipinda cha pamwamba munali anthu asanu kuzungulira tebulo: Wapampando, a Loya, Abusa, mayi wina wa kubanki wosalankhulalankhula, ndi a Dokotala, gogo wopuma ntchito amene ankamvetsera atatsinzina moti anthu ankati akugona. Mphunzitsi anakhala pamalo ake, pakona, pafupi ndi fulasiki ya tiyi.

Gulu loyamba linali la amayi a m'tawuni ofuna uvuni wamagetsi wophikira makeke. Mtsogoleri wawo analowa akununkhira, n'kupatsa moni aliyense ngati anasiyana dzulo.

"Aa, ndi inu?" anatero a Loya. "Mwana uja mayeso anakhoza?"

Anacheza, anamufunsa mafunso awiri atatu, mayiyo anatuluka, manja anakwera. La Mphunzitsi linakweranso. Makeke sanamulakwire kanthu.

Kenaka Wapampando anayang'ana papepala, n'kutsitsa magalasi.

"Amayi ochapa a kutsidya. Aphunzitsi, mutipatseko kaye mpata."

Thupi la Mphunzitsi linadzuka lokha, monga linazolowera. Koma dzanja lake linali litagwira kumsana kwa mpando wapulasitiki uja, ndipo silinafune kuusiya. Iye mwini sanakonzekere chilichonse. Anangoona kuti akuyenda kupita kuchitseko, mpando ukukhwekhwerezeka pambuyo pake. Anatsegula chitseko mpaka chinagunda khoma. Anaika mpando pakhomo penipeni, miyendo iwiri m'chipinda, iwiri pakhonde, n'kukhala. Anakonza siketi yake, n'kuika manja pamaondo.

Pakhonde, pomwe panali podzaza ndi amayi odikira, phokoso linazima ngati wailesi magetsi akathima.

"Aphunzitsi," anatero Wapampando, "mwina simunandimve."

"Ndamva, mayi."

"Ndiye?"

"Sindivota. Sindilankhulira gulu lawo. Koma chitseko ichi lero sichitsekedwa."

Mawu ake anatuluka aang'ono, ngati a mwana wa sukulu wopempha kupita panja. Anawabwereza, ndipo kachiwiri anamvekako bwino.

A Loya anaseka, n'kutsamira kumbuyo. "Tsopano tilembe kuti muli mkati kapena muli kunja?"

"Mulembe kuti ndikumva."

Wapampando anavula magalasi n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. Sanali munthu woipa. Thumba limeneli analimenyera nkhondo ndi iwo, panthawi imene amuna a mukhonsolo ankati ndalama za amayi zimathera m'mafuta odzola.

"Mwanawe," anatero, "lamulo limeneli ndinalemba ndine. Ndinaona ndi maso angawa anthu akudyetsa abale awo ndalama za amasiye. Ukufuna tibwerere kumeneko?"

"Ayi, mayi. Lamulo lanu n'labwino. Koma chilowereni ine muno, latulutsapo ndani wina?"

Mayi wa kubanki anayamba kufufuza chinachake m'chikwama.

"Munanditenga kuti za kutsidya zizimveka muno. Za kutsidya zikayamba, ine ndiye woyamba kutuluka. Ndiye ndimadzatani? Kudzathira tiyi? Kudzajambulitsa?"

"Aphunzitsi, ulemu," anatero Abusa.

"Ulemu wanga ndaukhalira pabenchi paja mpaka waphwa, abusa."

A Loya anapita pazenera n'kuitana alonda. Bambo a dazi aja anakwera masitepe akupuma mokweza, chipewa chili m'manja. Anayang'ana mpando, anayang'ana munthu, anayang'ana Wapampando.

"Ndinyamule chiti, mayi? Mpando, kapena zonse pamodzi?"

"Muwathandize kutuluka," anatero a Loya.

"Bwana, ine ntchito yanga ndi kuletsa anthu kulowa. Awa analowa ndi chilolezo. Komanso mayi wa eni ake sindimugwira, msana wanga ndi umodzi, akazi anga ndi aukali."

Pakhonde mafoni awiri anali atadzuka kale m'manja mwa anthu, akujambula. Wapampando anawaona, n'kuuza alonda kuti abwerere kugeti. Atavalanso magalasi, mawu awo anali atauma.

"Chabwino. M'bale wa opempha akakana kutuluka, gulu lake silimvedwa. Amayi ochapa adzabwere chaka chamawa. Gulu lotsatira."

Chaka chamawa! Mphunzitsi anamva mapazi kumbuyo kwake, mapazi amene ankawadziwa kuyambira ali mwana, olemera mbali imodzi. Fungo la sopo ndi makala linamuzinga. Azakhali anawerama pakhutu pake n'kulankhula m'chinenero cha kwawo, motsitsa, akukukuta mano.

"Iwe mwana wa achimwene, dzuka."

"Azakhali..."

"Dzuka ndisanakudzutse ndi khutu pamaso pa mabwana akowa. Ukuyesa wakula? Mvula idikira mkwiyo wako? Tikaluza ntchito, amayi onsewa udzawadyetsa choko?"

Mphunzitsi anali asanawakanirepo azakhali chinthu chibadwire. Miyendo yake inali itayamba kale kukonzeka kudzuka. Anayang'ana pansi, pamzere pomwe matailosi a m'chipinda amathera, simenti ya pakhonde n'kuyambira, ndipo anayankha osatembenuka.

"Kawiri konse ndinadzuka, azakhali. Denga lili kuti?"

Mphunzitsi anapitiriza.

"Munandiuza kuti ndituluke bwinobwino, ndinatuluka bwinobwino. Kodi chimene anakukanirani mumachidziwa?"

"Si iwe uli mu komiti? Ukufunsa ine?"

"Inenso sindichidziwa. Inu mukatuluka amatsekanso chitseko, amakambirana, amandiitana zonse zitatha. Ndimangopeza makapu a tiyi."

Azakhali anaweramuka pang'onopang'ono. Nthawi yonseyi ankaganiza kuti mwana wawo amadziwa chifukwa chake koma amasunga chinsinsi cha ntchito, ndipo ankamulemekeza chifukwa cha chinsinsicho. Anayang'ana anthu a patebulo mmodzimmodzi, mmene amayang'anira shiti padzuwa pofufuza banga.

"Hede!" anatero Make Mapasa ali pabenchi, m'chinenero cha onse kuti aliyense amve. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwanayu wamva m'mimba, musiyeni."

Amayi a pakhonde anaseka, ngakhale a m'tawuni omwe.

"Gulu lotsatira," anabwereza Wapampando. Koma gulu lotsatira likanadutsa pati? Pakhomo panali mpando, pampando panali munthu, kumbuyo kwa munthu kunali azakhali, amene sanali ochepa thupi.

Azakhali anaika chikwama chawo pansi. Anagwira mapewa a Mphunzitsi ndi manja onse awiri, ngati munthu wogwira tebulo pamsonkhano, n'kuyamba kulankhula pamwamba pa mutu wake.

"Mabwana, ife sitilowa, poti mwatiletsa. Koma tasiya zovala m'madzi, takwera basi, tavala madiresi. Mawu tabwera nawowa sitibwerera nawo kunyumba, ndi olemera. Ofuna kumva amve, osafuna atseke makutu, poti chitseko chakanika."

Ndipo anafotokoza. Ananena za mashiti ogona pamwamba pa ana, za madzi a pampopi amene amabwera m'mamawa n'kuthawa dzuwa lisanakwere, za amakina a m'tawuni. Sanalankhule mokongola. Pena ankasochera n'kuyamba za kudula kwa sopo, Make Mapasa n'kuwabweza kuti, "Denga, mayi, denga." Wapampando ankalembalemba papepala posonyeza kuti sakumva. A Loya ankayang'ana foni. Mphunzitsi ankamva kunjenjemera kwa azakhali kukudutsa m'manja mwawo mpaka m'mapewa ake, ndipo anazindikira kuti mayi amene ankaopedwa ndi kutsidya konse nawonso anali ndi mantha.

Azakhali anamaliza. Kenaka a Dokotala, adakali chitsinzinire, anafunsa, "Za kuchipatala zija, za magazi, mumachapira bafa limodzi ndi za alendo?"

"Ayi, mayi. Zili ndi mabafa ake, chingwe chake, ndi anthu ake ovala magolovesi."

"Nanga denga lake mukufuna lotseka m'mbali?"

"Lotseka m'mbali zovala siziuma. Pamafunika mphepo izidutsa."

"A Dokotala," anatero Wapampando, "gulu limeneli sitikulimva."

"Ine ndalimva kale," anatero gogoyo, n'kutsegula diso limodzi. "Makutu anga alibe chitseko. Tsono poti ndamva, ndifunse. Kodi amayi awa tinawakanira chiyani paja? Ndakalamba, ndimaiwala."

A Loya anaika foni pansi. Zimenezi ankazinena mosavuta chitseko chikakhala chotseka, koma tsopano mawu ankatuluka akuyang'ana uku ndi uku. Anati gululo lilibe ofesi. Anati silinalandirepo thandizo lililonse, choncho palibe umboni woti lingasamale ndalama. Anati njira yabwino ndi yomwe anaitchula kale: ndalamazo zipite ku bungwe lalikulu la m'tawuni, liziwasungira ndi kuwaphunzitsa.

Ndiye zinali zimenezo basi. Mphunzitsi anamva ngati wina wamuchotsa chitsotso m'diso. Masiku onse a pabenchi aja ankaganiza kuti mwina pali cholakwa chachikulu, mwina azakhali ananama penapake, mwina anthu a kwawo alidi ndi vuto limene iye saliona chifukwa anabadwiramo.

"Bwana," anatero azakhali, "mukuti sitinalandirepo, ndiye simutipatsa. Nanga tidzalandirapo liti? Mwana amaphunzira kuyenda ali kumsana?"

"N'chifukwa chake tikuti bungwe lalikulu..."

"Mwana ndibereke ine, aziyamwitsa aneba? Mabere ndili nawo, bwana, ngakhale agwa."

Khonde lonse linaphulika. Abusa anatsokomolera m'mpango, mapewa akugwedezeka.

"Nanga aja a makeke, ofesi yawo ili kuti?" anafunsa a Dokotala.

"M'galaja, kunyumba kwawo," anatero mayi wa kubanki motsitsa, ndipo aka kanali koyamba kutsegula pakamwa tsiku limenelo.

"Ife galaja tilibe," anatero Make Mapasa. "Galimoto yake tinaiwala kugula."

Wapampando anamenya tebulo ndi chikhatho. "Kwakwana! Pano si pamsika." Anadikira mpaka phokoso linatha. Nkhope yawo inali yotopa kuposa yokwiya. "Popeza mwatikakamiza kumva, tamva. Tivota. Koma komiti ino sivota pamaso pa anthu, ndipo sivota m'bale wa opempha akuyang'ana. Aphunzitsi, ndikukuuzani komaliza. Mukadzuka pano, zalero tiziiwala. Mukakhala, lero ndi tsiku lanu lomaliza mu komiti ino, ndipo eni ndalama ndikawauza chifukwa chake."

Manja a azakhali anafinya mapewa a Mphunzitsi. Sanadziwe ngati akuti dzuka kapena khala, ndipo mwina azakhaliwo sanadziwenso. Anaganiza za kandalama ka msonkhano kamene kankamupulumutsa kumapeto kwa mwezi. Anaganiza za ahedi a pasukulu pake, amene anayamba kumupatsa moni atamuona pachithunzi, ndi za ana a kutsidya amene ankamuloza kuti uyo amakhala ndi mabwana. Mwendo wakumanzere unali utachita dzanzi.

"Votani, mayi," anatero. "Ndikufuna ndione manja."

Wapampando anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ovomereza."

Dzanja la a Dokotala linakwera, lopyapyala. Mayi wa kubanki anakweza lake mpaka pakhutu pokha, ngati akukanda, koma linakhala pomwepo.

"Okana."

A Loya anakweza lawo mowongoka, akumuyang'ana Mphunzitsi m'maso, ndipo iye anawalemekezako pang'ono chifukwa cha zimenezo. Abusa anayang'ana pakhonde, anayang'ana kudenga, kenaka anatsatira a Loya.

Awiri uku, awiri uku. Mawu otsiriza anali a Wapampando. Anatenga cholembera, n'kumachizunguza m'zala.

"Denga lokha," anatero. "Ndalama zipite kwa iwo eni, osadzera kwina. Thanki ayi. Denga likaima, adzapemphenso." Analemba. Osadzutsa mutu anawonjezera kuti, "Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha ntchito yanu. Mukhoza kupita."

Pakhonde wina anayamba kuwomba m'manja, mnzake n'kumugwira mkono. Mphunzitsi anadzuka, mwendo wa dzanzi uja n'kutsala pang'ono kumugwetsa. Anagwira felemu la chitseko.

"Mayi, ndinene chimodzi. Amene mudzamuike m'malo mwanga adzakhalanso ndi azakhali. Wa kutsidya wopanda m'bale simudzamupeza, ngakhale kumanda agona ndi abale. Ngati mukufuna lamulo lanu ligwire bwino, ikani a kutsidya angapo, kuti wina akatuluka wina azitsala. Apo ayi, aliyense wodziwana ndi wopempha azituluka, tione amene atsale ndi fulasikiyo."

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza."

"Pitani bwino."

Mphunzitsi anatembenuka. Azakhali anamupachika chikwama chawo paphewa osamufunsa, chikwama cholemera ngati muli njerwa, n'kutsogola. Pamasitepe anaima.

"Thanki watiluzitsa ndiwe."

"Inde, azakhali."

"Malo ako wataya ndiwe. Usadzabwere kwa ine kudzalira."

"Sindibwera."

"Ubwera Loweruka. Mizati ya denga sidzikumbira yokha maenje." Anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuona koyamba. "Mutu woumawu ndi wa kwa bambo ako. Ife kwathu..." Anaima, atakumbukira kuti kwawo ndi komweko. Make Mapasa anaseka mpaka anakhala pansi pasitepe.

Ali pomwepo anamva mawu a Wapampando kumtunda, akuuza mesenjala wa pa ofesi kuti achotse mpandowo, atseke chitseko. Mphunzitsi anacheuka. Mesenjala anali ataima manja ali m'malere, chifukwa pampandopo panali patakhala kale munthu: gogo wina wa kutsidya wogulitsa makala, amene anaperekeza mpongozi wake wa gulu lina. Anali atavula nsapato imodzi, akusisita phazi.

"Agogo, mpando umenewo ukufunika."

"Miyendo, mwanangu," anatero gogoyo osasuntha. "Masitepe anuwa ndi ambiri. Pitirizani, ine sindisokoneza. Ndingomvera nawo."